Kutsuka ndi kuwalitsa zikho popanda kuziwononga

Chikho cha mphoto chimene chakhala zaka khumi pamwamba pa kabati mu ofesi ya ahedi kapena m'chipinda cha akulu a mpingo chimangoda ndi kugwira fumbi, ndipo zonsezo zimachoka. Chomwe sichibwerera ndi siliva amene wapalika chifukwa wina anatenga waya wokwechera mapoto, phulusa kapena Vim n'kuyamba kuchikwecha kuti chiwale msanga mwambo wa mawa usanafike. Chikho si mphika wa nsima. Zikho zambiri zimene timapatsana pa mpira wamiyendo, wamanja, pa mpikisano wa makwaya ngakhale pa bawo, kuwala kwake kuli pakhungu chabe, ndipo khungulo n'lopyapyala kwambiri. Choncho pa ntchito yonseyi muziyamba ndi njira yofewetsetsa, ndipo mukaona kuti chayera, lekerani pomwepo.

Yambani ndi kudziwa chomwe anapangira

Tembenuzani chikhocho muyang'ane kunsi, m'mphepete mwa mlomo ndi pafupi ndi zogwirira. M'malo amenewo ndi momwe opanga amadinda tizizindikiro tawo. Nambala 925 kapena mawu akuti Sterling ndi umboni wa siliva weniweni: magawo 925 pa 1,000 alionse ndi siliva, otsalawo kawirikawiri ndi kopa wolimbitsira. Zikho zakale zochokera ku Britain zimakhala ndi kachithunzi ka mkango ukuyenda, pambali pake pali chizindikiro cha mzinda umene chinayesedwako, monga nangula wa Birmingham kapena mutu wa kambuku wa London.

Mukapeza zilembo EPNS, EP kapena A1, dziwani kuti siliva wake ndi wongokutira pamwamba pogwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi, njira imene kampani ya Elkington ya ku Birmingham inalembetsa ngati yake mu 1840. Kunsi kwa siliva wa EPNS kuli chitsulo chosakaniza kopa, nickel ndi zinc. Chokutiracho nthawi zambiri chimakhala chochindikala ma micron 10 mpaka 30 (micron ndi gawo limodzi pa magawo 1,000 a milimita), pamene tsitsi limodzi la munthu limafika pafupifupi ma micron 70. Musachione chochepa chikho chanu chifukwa cha zimenezi. Ngakhale dziko lopambana World Cup silipita kwawo ndi chikho chenichenicho cha golide wa makarati 18. Limalandira cha bronze (kopa wosakaniza ndi tini) chokutidwa ndi golide. Mendulo yagolide ya Olympics nayo ndi siliva wokutidwa ndi golide wosachepera magalamu 6.

Ngati palibe chizindikiro chilichonse, yesani motere. Ikani maginito pathupi pa chikhocho. Akakakamira, m'kati mwake ndi chitsulo wamba chimene angochikuta, ndipo chikanyowa n'kusiyidwa chidzachita dzimbiri. Siliva, kopa, mkuwa wachikasu (brass) ndi pewter (chitsulo chotuwa chofewa) sizigwira maginito. Kenaka chigundeni pang'ono ndi chikhadabo: chitsulo chimalira ngwee, pulasitiki amangoti gu. Chigunditseninso patsaya. Chitsulo ndi galasi zimazizira, pamene pulasitiki ndi Perspex (pulasitiki wooneka ngati galasi) sizizizira. Timaseweleri tokongola tija timene timaima pamwamba pa zikho za m'masitolo pafupifupi tonse ndi tapulasitiki, ndipo mukayang'anitsitsa m'mbali mwake muona kamzere pamene chikombole chinakumana.

Chomaliza kuyesa ndi vanishi. Zikho zambiri zamkuwa ndi timapuleti tolembapo mayina amazipaka vanishi wosaoneka kuti mpweya usazidetse. Donthetsani polishi wachitsulo pang'ono pa kansalu koyera, mupukute malo obisika aakulu ngati chikhadabo. Kansalu kakada bii, chitsulocho n'chosapakidwa ndipo mutha kuchipolisha. Kakakhala koyera, pali vanishi, polishi asafikeponso. Kakatenga mtundu wachikasu wa chikhocho, siyani nthawi yomweyo: mukuchotsa utoto.

Zofunika kukhala nazo

Pezani nsalu zitatu kapena zinayi zathonje zofewa, monga za tisheti yakale yochapa bwino, yopanda mabatani kapena zolemba. Pakhalenso thonje, timitengo tathonje totokosera m'makutu, mswachi wa ana wofewa, burashi yaing'ono yopentera, beseni lapulasitiki, thaulo, sopo wamadzi wotsukira mbale, magolovesi ndi sipanala yaing'ono. Kachitsulo kamene kamagwira ubweya wa burashi kakulungeni ndi tepi, chifukwa ndi kameneko kamakala zikho anthu osazindikira. Vulani mphete ndi wotchi.

Madzi nawo ali ndi nkhani. A pa mjigo m'madera ambiri amakhala ndi mchere ndi laimu, ndipo akauma amasiya timadontho toyera. Potsukuluza komaliza gwiritsani ntchito madzi amvula osefa kapena madzi osungunulidwa amene amagulitsa othira m'mabatire a galimoto. Werengani bwino pabotolo kuti musagule asidi wa batire.

Kumasula ndi kutsuka koyamba

Chijambuleni kaye ndi foni mbali zonse. Zikho zambiri zimagwiridwa ndi kachitsulo kamodzi katali kamazinga kamene kamadutsa pakati kuchokera pamwamba mpaka kunsi, komwe kamamangidwa ndi nati. Natiyo imabisika kuseri kwa kansalu kobiriwira kapena kakuda komatidwa pansi pa tsinde. Matulani kansaluko pang'onopang'ono, gwirani chikho ndi dzanja limodzi, mumasule nati, kenaka ndandalikani zidutswa pa thaulo mwa dongosolo lomwe mwazichotsera. Nati ikakana chifukwa cha dzimbiri, donthetsanipo mafuta a makina osokera, mudikire ola limodzi. Musazungulize kamunthu kapamwamba kuti nati igonje, kathyoka m'mapazi. Ngati zidutswa zinamatidwa ndi guluu, musazikakamize. Mudzatsuka gawo lililonse palokha, linalo mutalikulunga ndi pepala lapulasitiki.

Maliboni achotseni onse. Utoto wake umasuluka n'kulowa m'thabwa ndi m'mwala.

Fumbi lichoke chikho chili chouma, ndi burashi ija, kuyambira pamwamba kutsika. Fumbi la mwezi wa September ndi October lili ndi timchenga, ndipo mukalipukuta ndi nsalu yonyowa mumakhala mukukwecha chikho ndi mchengawo.

Tsopano yalani thaulo pansi pa beseni, thirani madzi ofunda, osati otentha, ndi madontho asanu a sopo pa lita iliyonse. Zidutswa zachitsulo zokhazokha ndi zomwe zingalowe m'madzimo, chimodzichimodzi, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Gwirani thupi la chikho, osati zogwirira zake, poti zimenezo anangoziwotchererapo ndipo ndi pamene chimayambira kuthyoka. M'makona ndi m'zilembo lowetsani mswachi. Tsukuluzani, pukutani nthawi yomweyo, ndipo chivundikireni pa nsalu youma kwa ola limodzi kuti madzi obisala m'mipata atuluke. Zikho zambiri ntchito yake imathera pomwepa.

Sopo waufa wochapira zovala ndi Jik zisayandikire. Jik amadya siliva n'kumusiya ndi mabanga osachoka, ndipo akasakanikirana ndi viniga kapena polishi wokhala ndi ammonia amatulutsa mpweya wowononga mapapo.

Siliva weniweni ndi wokutira

Kuda kwa siliva si litsiro ayi. Mu mpweya mumakhala sulufule pang'ono, ndipo akakumana ndi siliva amapanga kakhungu kamene kamayamba mwachikasu, kenaka kofiirira, pomaliza kakuda. Utsi wa makala ndi nkhuni, mazira, anyezi, labala, ubweya wa nkhosa ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja zimafulumizitsa kudaku. Thukuta la m'manja nalo lili ndi mchere, n'chifukwa chake pa chikho chimene chinanyamulidwa ndi timu yonse pamadzaoneka zidindo za zala pakapita masabata ochepa.

Polishi aliyense amagwira ntchito pochotsa kakhungu kaja pamodzi ndi siliva pang'ono. Pa chikho cha 925 kutha kwake kumaonekera m'zilembo: mayina a opambana akale amayamba kuzimirira. Pa chokutira zimaipa msanga, chifukwa siliva akatha pamatulukira chitsulo chachikasu kapena chofiirira, makamaka m'mlomo, pa zogwirira ndi m'malo otukuka. Kugwiragwira kokha kumathetsa chikho. Cha FA Cup ku England chimene chinapangidwa mu 1992 chinalowedwa m'malo ndi china cholemerapo mu 2014 chifukwa chinali chitayamba kutha. Choncho kupolisha kamodzi kapena kawiri pachaka n'kokwanira.

Gulani polishi wolembedwa kuti ndi wa siliva, monga Silvo kapena Goddard's. Brasso ndi waukali kwambiri pa siliva, ndipo mankhwala otsukira mano, ngakhale ambiri amawatama, ali ndi timchenga tosaoneka timene timasiya chikho chitachita mbuu. Khutchumulani botolo, donthetsani pang'ono pa thonje, osati pa chikho. Gwirani kadera kochepa nthawi imodzi, ngati masentimita asanu mbali zonse, mukuyendetsa dzanja chopita ndi chobwerera mopepuka. Mukamazunguliza, tizikanda take timaonekera kwambiri padzuwa. Thonje likada, tayani mutenge lina, poti zakudazo nazo zimakala. Pa zilembo pitani kamodzi kokha. M'mipata ya maluwa ozokota gwiritsani ntchito timitengo tathonje, koma musalimbane ndi mdima wonse wa m'katimo. Nthawi zambiri wopanga anausiya dala kuti zozokotazo zioneke bwino.

Mukamaliza, tsukaninso ndi madzi a sopo. Pamenepa ndi pomwe ambiri amadumpha, ndipo zotsatira zake ndi zoyera zouma zija zimene mumaziona zitadzaza m'zilembo za zikho zakale. Polishi wotsalayo amakoka chinyezi n'kuyamba kudya chitsulo. Ngati mwapeza woteroyo, munyowetseni ndi madzi ofunda, afewe, mumutokose ndi kamtengo kansungwi kosongola. Singano kapena pini ayi. Pomaliza pukutani ndi nsalu youma yoyera mpaka chinyezimire.

M'kati mwa chikho mukakhala mwachikasu, ndiye kuti anapakamo golide wochepa zedi. M'menemo mungotsuka ndi kupukuta basi. Ngati pa chisangalalo anathiramo mowa, vinyo kapena zoziziritsa kukhosi, chitsukeni tsiku lomwelo, chifukwa asidi ndi shuga zikagonamo zimasiya mabanga.

Chikho chakuda bii chimene polishi angachitengere maola ambiri chili ndi njira ina. Yalani pepala la aluminiyamu lokulungira zakudya m'beseni lopirira kutentha, kapena gwiritsani ntchito poto wakale wa aluminiyamu amene simuphikiramo. Thirani madzi owira kumene okwanira kumiza chikhocho, ndi soda wophikira therere masupuni aakulu anayi pa lita iliyonse. Thirani sodayo pang'onopang'ono, amachita thovu. Ikani chikho kuti chikhudze aluminiyamuyo, chifukwa popanda kukhudzana palibe chichitike. Pakatha mphindi imodzi mpaka zisanu muona mdima ukuchoka ndipo mumva fungo la dzira lowola, umboni woti sulufule akuchoka pa siliva; n'chifukwa chake ntchitoyi ichitikire panja. Chitembenuzeni ndi mthiko, chivuuleni, tsukuluzani bwino, pukutani.

Ubwino wa njirayi ndi woti sipala siliva. Koma imachotsanso mdima wosiyidwa dala uja, imasiya chikho choyera mothimbirira chofunabe kupolisha pang'ono, ndipo ndi yoopsa pa chikho chokhala ndi tsinde lodzazidwa phula kapena pulasitala, zogwirira zamphako, zidutswa zomata ndi guluu, kapena chokutira chimene chayamba kale kusupuka. Ndi njira yopulumutsira chikho chotayidwa, si ya mwezi uliwonse.

Mkuwa ndi kopa

Mkuwa wachikasu, umene m'masitolo amalemba kuti brass, ndi kopa wosakaniza ndi zinc. Ngati maginito sanagwire ndipo mwapeza kuti palibe vanishi, Brasso ndi wake ameneyu. Pakani pang'ono, pukutani asanaumiretu, kenaka tsukani ndi sopo. Tsekulani mawindo poti ali ndi ammonia.

Popanda Brasso, sungunulani mchere supuni yaing'ono imodzi mu viniga theka la kapu, muthire fulawa mpaka likhale phala lolimbirako. Pakani, dikirani mphindi khumi, tsukani ndi madzi ambiri. Theka la ndimu lothira mchere wosalala limagwiranso ntchito. Musapitirire nthawi. Asidi akakhalitsa amasungunula zinc wa pamwamba n'kusiya kopa yekha, ndiye chikho chimatuluka ndi mabanga ofiirira. Tsukuluzani ndi madzi othira soda pang'ono kuti asidi atheretu, kenaka ndi madzi oyera.

Wopakidwa vanishi amangofuna nsalu yonyowa ndi sopo. Vuto limabwera vanishi akayamba kusweka: mpweya umalowa m'ming'alu n'kudetsa malo ena, chikho n'kuchita mawangamawanga. Kupolisha pamwamba sikuthandiza. Ngati ndi mkuwa wokhawokha, masulani zapulasitiki zonse, chotsani vanishi yense ndi mankhwala osungunula vanishi otchedwa acetone pa thonje, kutali ndi moto, mupolishe, kenaka mupake phula. Phula labwino pa zitsulo ndi Renaissance Wax, limene linayambira ku British Museum m'zaka za m'ma 1950. Likasowa, polishi wa nsapato wopanda mtundu, wopakidwa mopyapyala kwambiri, amatetezako ndithu.

Bronze ndi pewter

Mtundu woderapo wa bronze ndiwo kukongola kwake, ndipo umateteza chitsulo. Tsukani, umitsani, pakani phula, basi. Chofunika kuchenjera nacho ndi ufa wobiriwira motuwa umene umatuluka m'timaenje n'kumabweranso mukaupukuta. Umenewo umayamba ndi mchere ndi chinyezi, ndipo umadya chitsulo mpaka kuboola. Chikho chotero chisungeni pouma ndipo chionedwe ndi katswiri.

Pewter ndi wotuwa, wofewa, ndipo amasungunuka pa kutentha kochepa, choncho asayandikire mbaula. Madzi a sopo ndi nsalu zimamukwanira. Wakale kwambiri amakhala ndi mtovu wa poizoni, musamweremo.

Zagolide, zachrome ndi zapulasitiki

Golide sada. Akaoneka wozimirira, ndi mafuta a m'manja ndi fumbi chabe, ndipo chokutira chake n'chochepa kuposa cha siliva. Nsalu yonyowa, kenaka youma, popanda polishi aliyense.

Pulasitiki wonyezimira uja ndiye wosachedwa kuwonongeka pa zonse. Kuwala kwake ndi kautsi ka aluminiyamu kokutidwa ndi vanishi wamtundu. Sipiriti, tinala, palafini kapena Brasso zikangokhudza, pamatsala pulasitiki wakuda kapena wotuwa, ndipo palibe chobwezera. Osamunyika m'madzi. Ingogunditsani nsalu yofinya bwino. Kamunthu kakawonongekeratu, ogulitsa zikho amagulitsanso tapadera. Tengani kakaleko kuti mazinga afanane.

Chachrome chikachita timadontho tadzimbiri, finyani kapepala ka aluminiyamu, kanyikeni m'madzi, mupukute mopepuka pa dzimbiripo. Aluminiyamu ndi wofewa kuposa chrome, choncho samukala. Umitsani ndi kupaka phula, poti pamenepo chokutira chinabooka kale. Mamendulo otsika mtengo ambiri ndi a zinc wokutidwa. Viniga ndi mandimu zimawatukusira, choncho sopo ndi madzi zokha.

Galasi ndi Perspex

Galasi limasweka ndi kusintha kwadzidzidzi kwa kutentha, choncho madzi otsukira ndi otsukuluzira akhale ofunda mofanana. Mabanga oyera a madzi amachoka ndi viniga gawo limodzi pa magawo atatu a madzi. Ngati galasilo linamatidwa pa tsinde, osalinyika, ndipo viniga asayenderere kufika pa guluu kapena pa mwala. Ligwireni ndi nsalu popukuta kuti musabwezerepo zala.

Perspex amaoneka ngati galasi koma ndi wopepuka ndipo ali ndi malamulo ena. Mankhwala opoperera mawindo, sipiriti ndi acetone zimamung'amba timing'alu tambirimbiri ta m'kati, tosachotseka. Kumupukuta ali wouma kumamukala, kumachititsanso kuti azikoka fumbi. Muzimutsira madzi kaye kuti fumbi litsetsereke, kenaka sopo ndi nsalu yofewetsetsa. Mapepala opukutira m'manja amamukalanso.

Tsinde la thabwa kapena mwala

Thabwa, kaya ndi mlombwa, mbawa kapena lopanikiza la m'fakitale, lisalowe m'madzi. Lopanikizalo likanyowa limafufuma osabwereranso. Pukutani ndi nsalu yofinya motsata mizere ya thabwa, umitsani pompo, pakani phula la mipando kapena polishi wopanda mtundu, dikirani mphindi khumi ndi zisanu, mupukute. Mafuta ophikira musapake: amawala tsiku limodzi, kenaka amanunkha ndi kugwira fumbi. Pa chishango chokhala ndi timapuleti tambiri, tchingani thabwa ndi kakatoni kopyapyala m'mbali mwa kapuleti kalikonse kuti polishi wachitsulo asalowe m'thabwa.

Mukapeza kaufa pansi pa tsinde ndi timabowo tating'ono, thabwalo likufumbwa. Lipatuleni pa zinzake, chotsani zitsulo, limangeni m'jumbo losalowa mpweya, muliike mufiriza kwa masabata awiri pa nthawi imene magetsi sakuzimazima. Mukalitulutsa, lisiyeni m'jumbomo tsiku lathunthu kuti chinyezi chigwere pa jumbo, osati pa thabwa.

Mwala wa mabo (marble) umadyedwa ndi asidi aliyense. Dontho limodzi la ndimu kapena viniga limasiya banga lothimbirira pasanathe mphindi. Utsukeni ndi sopo ndi madzi basi. Banga la mafuta lipakeni phala la soda ndi madzi lochindikala theka la sentimita, phimbani ndi pulasitiki kwa maola 24, mulisiye liume, kenaka mulichotse ndi kathabwa.

Kumanga ndi kusunga

Dikirani zonse ziume bwinobwino, makamaka kachitsulo kapakati kaja. Kakapakidwa mafuta pang'ono sikachita dzimbiri. Bwezerani zidutswa motsata chithunzi, lunjikitsani kamunthu ndi kapuleti kuti ziyang'ane kumodzi, mangani nati ndi zala, kenaka muwonjezere pang'ono chabe ndi sipanala. Kumangitsa kumang'amba mabo ndi kuphwanya mazinga apulasitiki.

Malo abwino ndi kabati yagalasi yotseka, kutali ndi khitchini, zenera lolowa dzuwa ndi khoma lachinyezi. Ikanimo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato, muzitisintha dzinja likamayamba. Chosungidwa m'bokosi chikulungeni ndi nsalu yathonje yochapa, kenaka jumbo. Nyuzipepala, malabala omangira ndalama ndi bulangete laubweya zimadetsa siliva, ndipo pulasitiki womata wokulungira zakudya amakakamira n'kusiya zipsera. Pa tsiku lopereka mphoto, wonyamula avale magolovesi athonje, ndipo madzulo ake chikho chipukutidwe ndi nsalu youma.

Zilipo zina zosayenera kuyesa pakhomo. Chikho chophwafuka musachiwongole ndi nyundo, chitsulo chimatambasuka n'kung'ambika. Chogwirira cha siliva chikathyoka, musapite nacho kwa owotcherera mageti kapena okhoma ndowa: mtovu umene okhoma ndowa amamatira umalowerera m'siliva n'kumudya, ndipo wosula siliva adzavutika kukonza pamenepo. Super Glue amasiya utsi woyera pa galasi ndi Perspex. Chokutira chikatha, mankhwala ake ndi kukachikutitsanso kwa odziwa ntchitoyo, ndipo musanachipereke jambulani mayina ndi zaka zonse zolembedwapo, chifukwa pokonzekera kukuta amayamba achipala kaye ndipo zilembo zosazama zimatha kufufutika.